Mmene Ndinawatsitsira Amayi Anga pa Lole

Inu ana, bwerani nawo kuno malicherowo, mpungawu tisankhire pamthunzi pano. Asiyatu, foniyo iyambe yapuma, miyala ya mumpunga sioneka ndi diso limodzi. Twaibu, usazembe, nkhaniyi ikukhudza iweyo kwambiri.

Ndamva zimene mwakhala mukumunena mbale wanu Yusufu. Makutu angawa ndi okalamba koma si ogontha. Akuti chilembedwere ntchito yoyendetsa thiraki wayamba matama. Akuti Loweruka adutsa pano ndi matumba a nandolo kutsikira ku boma, tsiku lomwelo la ukwati wa kwa Mponda, koma wakana kukutengani inu ndi mapoto anu pamwamba pa katundu. Akuti maphunziro amene akumupatsa kukampaniko amuiwalitsa abale. Tamuonani mmene wakhaliramo, mutu pansi, kulembalemba padothi ndi kamtengo. Sakuyankhani ameneyu. Manyazi amenewo ndi anga, anachita kutengera.

Ine kuyankhula pagulu sindinakuzolowere, mukudziwa. Sukulu ndinalekeza sitandade 3, osati chifukwa cha umphawi ngati anzanga. Aphunzitsi anandiimiritsa kutsogolo kuti ndiwerenge mokweza. Mawuwo ndinkawadziwa, koma anakana kutuluka pakamwa. Mawa lake ndinakabisala m'munda wa chinangwa, sukulu n'kuthera pomwepo. Komabe mwamvapo akuluakulu a mudzi uno akundiitana kuti Che Thirafiki, ndipo mumaseka osadziwa kumene dzinali linachokera. Lero mudziwa.

Agogo anu aamuna, malemu Che Saidi, anali a ku Lungwena, mwana wa msodzi. Koma iwo akangoponda m'bwato mimba inkatembenuka, anzawo akukoka ukonde iwo akusanza. Atatopa ndi kusekedwa anapita ku boma kukanyamula matumba pa sitolo ya mwenye wina amene anali ndi malole. Tinaonana pamsewu pomwepa, lole itaima kudzakweza chimanga, ine ndikugulitsa nthochi. Anagula nthochi mpaka dengu kutha ndisanawayang'ane n'kumaso komwe. Atandikwatira anadzakhala kuno pachikamwini.

Chikamwini cha nthawi imeneyo inu simuchidziwa. Masiku ano mkamwini amakhala mpando umodzi ndi apongozi ake kumaonera mpira, mpaka kulimbirana rimoti. Kale mwamuna akaona apongozi ake aakazi akubwera m'njira ankapatukira kutchire, olo mukhale chitedze. Amayi anga ndi Che Saidi sankayang'anana, sankayankhulana. Mawu onse ankadzera mwa ine. Amayi akafuna kuti denga la nkhokwe likonzedwe ankauza ine, ine n'kukauza amuna anga, chonsecho onse awiri ali pabwalo limodzi, uyu kumbuyo kwa nkhokwe, uyu kutsogolo. Ndipo mkamwini sankati ayi. Munda ndi wa kuchikazi, malo a nyumba ndi a kuchikazi, ana ndi a kuchikazi. Akanangoonetsa mwano, amjomba anga Che Mbwana, mlongo wawo wa amayi, akanawauza kuti apinde mphasa yawo azipita.

Nditabereka Mariamu, mayi ake a Yusufuyu, mwenye uja anaona kuti Che Saidi ndi munthu wofatsa, ndiye anati aphunzire lole. Kunalibe zimene akumuphunzitsa Yusufuzi, zokhala m'kalasi, kuonera kanema, kulemba mayeso a kukampani. Laisensi ankatenga inde, koma mwini lole sankakupatsa makiyi usanayende nthawi yaitali ndi dalaivala wamkulu. Che Saidi anawapereka kwa Che Zuze, munthu wa kutsidya kwa malire amene anathawira kuno nthawi ya nkhondo ya kwawo. Chimunthu chachikulu, koma timawu tating'ono ngati ta mwana. Chichewa chawo chinali chopindika, Chiyao chawo chopindikanso, ndipo nthawi zonse anali ndi nzimbe m'manja.

Miyezi yoyamba Che Saidi chiwongolero sanachigwire n'komwe. Ntchito yawo inali kuzungulira lole asananyamuke, kachitsulo m'manja, kugogoda tayala lililonse n'kumvetsera. Che Zuze ankati tayala lokhuta limayankha bwino, lanjala limangoti phu. Kenako kugwira mabawuti ndi zala, kugwada kusuzumira kunsi ngati kukudontha kanthu, kukoka chingwe chilichonse. Akayenda pang'ono, kuimanso kuti akungenso zingwe, chifukwa matumba akagwedezeka amakhazikika, chingwe n'kukhwepa. Ankabwera kunyumba akudandaula kuti, “Amake Mariamu, ine ndinapita kukaphunzira lole kapena kukaimba ng'oma?”

Atayamba kugwira chiwongolero, vuto linali magiya. Malole akalewo sanali ngati thiraki ya Yusufuyi imene akuti ena mwa magiya imasintha yokha. Unkaponda kilatchi, kuchotsa giya, kupondanso, kulowetsa ina, ndipo ukaphonya inkalira ngati mbuzi ikuphedwa. Ndiye akabwera kuno ankatenga ndowa yanga, kuthiramo mchenga, kuzikamo mthiko wanga, n'kuika njerwa zitatu kumapazi. Amakhala pa mtondo kumbuyo kwa nyumba, pakamwa pakuchita phokoso la injini. Ine ndinali Che Zuze. Akasintha mofulumira ndinkayenera kunena kuti, “Waphwanya!” Ndinkanena monong'ona, kuopa kuti amayi angamve mwana wawo akukalipira mwamuna. Twaibu, usaseke, iweyo njinga yeniyeni unaphunzira uli ndi ndevu.

Mukuona tsono, zimene ankaphunzira iwo ndinkaphunzira nanenso, ndili ndi mwana kumbuyo.

Tsiku lina Che Zuze anaimika lole pamwamba pa phiri lathuli, pamene msewu umayambira kutsetsereka, n'kuwauza Che Saidi kuti atsike wapansi, akawapeza kumunsi. Atafika thukuta lili kamukamu, anawafunsa kuti, “Waona chiyani?”

Iwo anati, “Ndaona msewu.”

“Msewu ndauona nanenso ndili m'galimoto. Mawa ubwerezanso.”

Ulendo wachiwiriwo ndiye anaona. Anaona pokhota pamene msewu unapendekera kuphompho. Anaona pamene mvula imasiya mchenga, pamene ana amaolokera ndi mbuzi, pamene anyani amakhala kudikira chimanga chogwa. Che Zuze anawauza kuti giya imene wakwerera phiri ndi yomweyo utsikire, ndipo uilowetse usanayambe kutsetsereka. Ukamangodalira mabuleki amatentha, amanunkha, kenako umaponda koma phazi limangolowa. Yusufu, si zomwezi unkandifotokozera dzana, zimene anakuonetsani pa kanema? Gwedeza mutu basi, ndamva.

Koma phunziro limene linawalowa m'mafupa linali lina. Ankapita ndi matumba a ufa cha ku Lungwena, msewu wopanda phiri. Che Zuze anawauza kuti akwere pamwamba pa katundu. Iwo anakondwa, poti ankapita kwawo, anthu awaone. Sanafike patali nthambi ya mango inawalanda kofia. Pokhota anamva matumba akusuntha kunsi kwawo ngati chamoyo. Lole itagwera m'kadzenje anadumphira m'mwamba, chingwe chimene anagwira n'kuwasenda zikhatho. Ataima, Che Zuze anatafuna nzimbe yawo kaye, kenako anati, “Kumwambako kuli bwanji?”

“Ndimaona ngati ndifa.”

“Ine ndimayenda pang'onopang'ono, pamalo abwino. Iwe uli ndi mphamvu ndi manja awiri. Tsono uganize mayi, mwana kumbuyo, dzanja limodzi lagwira mtolo, pa phiri lija. Thumba ndimalimanga ndi chingwe, munthu ndimumange ndi chiyani? Tsiku limene udzakweze munthu pamwamba pa katundu, usadzatchule kuti unaphunzira kwa Zuze.”

Zikhathozo ndinazitsuka ndine ndi madzi a mchere.

Zonsezi Che Zuze anawaphunzitsa bwino. Chimodzi chokha anaiwala, kapena kwawoko kunalibe: mmene mkamwini angakanire apongozi ake.

Inafika nyengo yokolola itatha, fumbi litayamba. Che Saidi anapatsidwa makiyi kuti ayende okha koyamba, akakweze chimanga ku Katuli, atsike nacho ku boma. Tsiku lotsikalo linakumana ndi sadaka, mwambo wokumbukira malemu mng'ono wawo wa amayi, amene anakwatiwa kwa Mponda n'kumwalirira komweko. Anali awiri okha aakazi m'mimba mwa mayi awo, ndipo ku maliro amayi sanapite chifukwa anali chigonere ndi malungo. Sadaka imeneyi ankaiwerengera masiku. Atamva kuti mkamwini adutsa ndi lole, anandiitana n'kunena kuti, “Uwauze amuna ako kuti mawa atipeza pamsewu.”

Ndinawauza pamene anaima popita ku Katuli. Anangoti, “Ee.” Chinangwa chimene ndinawaphikira kuti akadye m'njira anachiiwala pakhonde.

M'mawa mwake pamsewu panadzaza. Azimayi a mbumba yonse, mitolo ya mpunga, nkhuku, nkhuni, mphasa. Lole inafika itasenza matumba mpaka kupitirira mutu wake. Che Saidi asanatsike n'komwe atsikana anali atakwera kale. Che Mbwana anawakankhira amayi m'mwamba, ena akuwakoka manja, mpaka anakhala pamwamba penipeni, akuseka ngati mtsikana. Aka kanali koyamba kuwaona akuseka chimwalirire mng'ono wawo.

Che Saidi anatenga kachitsulo kawo n'kuyamba kuzungulira. Anagogoda matayala onse, n'kuyambiranso. Ndinawatsatira kuseri kwa lole, Mariamu ali kumbuyo.

“Che Saidi, tayala limenelo mwaligogoda kale.”

“Ndikudziwa.”

“Nanga?”

“Amake Mariamu, kukana sindingathe, kuwatenganso sindingathe. Kawauzeni kuti lole yadzaza.”

Ndinazungulira kukanena. Amayi anayankha ali pamwambapo kuti, “Uwauze kuti ife sitilemera, tangomwa phala lokha.” Azimayi anaseka.

Ndinabwerera. Iwo anati, “Kawauzeni kuti bwana amaletsa.”

Ndinazunguliranso. Apa anayankha Che Mbwana, mokweza kuti kuseriko kumveke. “Bwanayo ali ku boma, maso ake safika kuno. Tamufunse mkamwiniyo, kodi anakwatira kwa mwenye kapena anakwatira kwathu kuno?”

Nditabwerera kachitatu ndinapeza kachitsulo katagona pansi. Anali atamva okha. Anati, “Basi. Tiyenda pang'onopang'ono, Mulungu atisunga.” Anagwira chitseko kuti akwere, ndipo ndinaona zipsera zija m'chikhatho. Munthu woti atsike phiri lija koyamba yekha, tsopano atsike nalo atasenza anthu pamwamba pa katundu.

Ndinayang'ana kumwamba. Amayi dzanja lina anagwira mtolo, lina akukonza mpango kumutu. Mng'ono wanga anakhala chakumphepete, miyendo ili lendelende, khanda lili pabere.

Sindidziwa mmene miyendo inandifikitsira. Ndinakagwada m'fumbi, pafupi ndi tayala lakumbuyo, monga tinkagwadira poyankhula ndi akulu. Ndinayankhula, koma palibe anamva.

Amayi anati, “Akuti chiyaninso amuna akowo? Kweza mawu.”

“Ndati tsikani, amayi.”

Amayi anandisuzumira ali pamwambapo.

“Mawu amenewo ndi a amuna ako?”

“Ayi. Iwo avomera. Ndakana ndine.”

Che Mbwana anandiyandikira n'kuwerama kuti andione bwino. “Iwe? Kamwana koti mlendo akabwera kamathawira kuseri kwa nkhokwe? Wamwa chiyani lero?”

Ine maso ali pansi ndinati, “Amjomba, ngati pali wothamangitsa thamangitsani ine. Pamwambapo palibe pogwira. Ine pano sindidzuka mpaka onse atatsika.”

Mwaona tsono, mkamwini akanatha kumuthamangitsa. Nanga mwana wa mudzi akanamuthamangitsira kuti? Ndipo lole sikanasuntha ine ndili pamenepo.

Amayi anaponya mtolo wawo pansi, n'kutsika okha, osalola munthu kuwagwira dzanja. Enawo anatsatira akung'ung'udza. Mudzifunsa kuti nanga kutsogolo kunalibe malo? Analipo a munthu mmodzi. Koma amayi sakanakhala phewa ndi phewa ndi mkamwini wawo, ndipo Che Mbwana anati iwo sangakhale pampando ngati bwana mlongo wawo akuyenda wapansi. Lole inanyamuka ndi Che Saidi okha, pang'onopang'ono, ife tikumwa fumbi lake.

Tinatsika phiri wapansi. Ine ndinasenza mtolo wa amayi kuwonjezera pa wanga, ndipo palibe anandiyankhula njira yonse. Titafika pokhota paja, pamene msewu unapendekera kuphompho, amayi anaima kuti apume. Anayang'ana kumunsi nthawi yaitali. Kenako tinapitirira.

Tinafika kwa Mponda dzuwa litapendeka. A shehe anali atamaliza mapemphero a dua kalekale, anthu akutsuka mbale. Amayi anapita kuseri kwa nyumba ya mng'ono wawo n'kukalira okha. Izi sindikubisirani, ana inu. Tsiku limenelo linali limodzi lokha, ndipo silinabwerenso. Ndiye Asiyatu, ukamati ukwati wa mnzako sudzachitikanso kawiri, ndikukumva. Sindikuti zimene ukufunazo ndi zopusa.

Ndikukuonani mukudikira kuti ndinene kuti lole inagwa, kapena chingwe chinaduka matumba n'kukhuthukira kuphompho, anthu n'kubwera kudzandithokoza. Ayi. Palibe chinachitika. Che Saidi anatsika bwinobwino, anafika ku boma, anatsitsa chimanga. Ndiye anthu anati, “Mwaona? Tikanafika tonse nthawi yabwino.” Kuchitsime ndikangotulukira ankati, “Bisani ndowa zanu, Che Thirafiki afika, angatigwire kuti tadzaza kwambiri.” Ndinayamba kutunga madzi masana dzuwa likuswa mtengo, kuti ndisakumane ndi munthu.

Amayi anasiya kundiyankhula. Akafuna kanthu ankauza mng'ono wanga, mng'ono wanga n'kudzandiuza ine, ine n'kukauza amuna anga. Uthenga wa denga la nkhokwe unkafika nkhokwe itavunda kale. Zinakhala choncho chilimwe chonse, mvula inagwa, tinadzala, tinapalira. Chimanga chitayamba kukhwima, tsiku lina m'mawa Che Saidi akukonzeka ulendo, amayi anabwera pakhomo panga ndi chimanga chophika chokulunga m'kansalu. Anandipatsa akuyang'ana kumbali n'kunena kuti, “Uwauze amuna ako azitsika bwino phirilo.” Anali mawu oyamba kundiuza ine mwini. Za tsiku lija sitinadzazitchulenso mpaka anamwalira.

Chinanso chinasintha. Kuyambira pamenepo Che Saidi munthu akawaimitsa ndi mtolo ankangoti, “Pepani, akazi anga amakana.” Anzawo ankawaseka kuti akulamulidwa ndi mkazi wosatha n'kupereka moni komwe. Iwo ankaseka nawo. Anayendetsa malole mpaka imvi, kufika Blantyre, Lilongwe, mpaka kutsidya kwa malire, ndipo anamwalirira pamphasa pawo m'nyumba iyi, matenda a ukalamba. Palibe mudzi umene unalira maliro chifukwa cha lole yawo. Che Zuze anabwerera kwawo nkhondo itatha, sitinamvenso za iwo.

Za masiku anozi zambiri sindizidziwa. Yusufu akuti thiraki yake ili ndi kachipangizo kamene kamauza a ku ofesi pamene ali ndi liwiro limene akuyenda. Akuti amawakakamiza kumanga lamba, kupuma akatopa, kusagwira foni ali pa chiwongolero. Akuti dalaivala wamkulu amene wakhala akuyenda naye ndi mayi, zimene Che Mbwana akanazimva akanakomoka. Twaibu, iwe unamuuza kuti angokutengani, mukatsikira panjira a ku ofesi asanaone. Amjomba anga anayankhula chimodzimodzi. Yusufu akagwidwa ntchito yatha, ndipo Mariamu anavutika kuti mwanayu afike pamenepa. Koma ntchito ndi chinthu chaching'ono. Iweyo utagwa pokhota paja, ameneyu angadzayang'anenso bwanji mayi ako? Kukampaniko amuphunzitsa matayala, zingwe, magiya, zonse. Kukana abale ake sanamuphunzitse, monganso Che Zuze sanawaphunzitse agogo ake. Amenewo ndi maphunziro a pakhomo pano.

Ndiye mvetserani. Mpungawu ndi mapoto zitsogola Lachisanu pa minibasi. Ife tidzuka m'mawa Loweruka kukadikira ina, ndipo ikadzaza tidikira inzake. Mwina tichedwa, mwina tipeza akwati atalowa kale. Kwa eni ukwati ndatumiza kale mawu, kwa bambo ako, iwe Twaibu, ndatumizanso, kuti amene wakana si Yusufu.

Yusufu, tukula mutu, taya kamtengoko. Loweruka ukafika pamsewupo uime, utsike, uzungulire thiraki yako, ugogode matayala, ukoke zingwe. Amene abwere ndi mtolo usalimbane naye, ungomulozera kwa ine, umuuze kuti akana ndi Che Thirafiki. Kugwada m'fumbi maondo angawa sangathenso, ndiye ndibwera ndi mpando. Ukatsika phirilo palibe amene akuthokoze, usadikire. Ukafika, thiraki utaimika, injini utazimitsa, uimbe pa foni ya Asiyatuyi. Ndikufuna undiuze ine agogo ako mawu ochepa okha, akuti anganga, palibe chachitika.